Mizere Iwiri Pamchenga

Njinga yamoto ija sinali yathu. Inali ya ku ofesi kumene amuna anga ankagwira ntchito ya ulangizi wa thonje ku Chitala, ndipo lamulo linali loti isamapite kwina koma kuminda basi. Nyumba imene tinkakhala inalinso ya ku ofesi. Wowononga njinga pa ulendo wakewake ankataya zonse ziwiri, ntchito ndi nyumba.

Amene ndinapempha kuti tipite nayo kwathu ndine. Mwana wathu woyamba anali ndi miyezi isanu ndipo amayi anga, kwathu kufupi ndi Chipoka, anali asanamuone. Ndinapempha pang'onopang'ono kwa milungu itatu mpaka Loweruka lina anavomera. Titatsala pang'ono kufika, tayala lakutsogolo linatitimira mumchenga, njinga n'kukagunda chitsa cha mgwalangwa. Mwana kumsana kwanga sanakalike n'komwe. Amuna anga bondo linatupa ngati dzungu, koma iwo maso anali pa njinga. Felemu, chitsulo chachikulu chodutsa pansi pa thanki, inali itapindika n'kulowa mkati.

"Lachitatu abwana akubwera kudzayendera njinga zonse," anatero. Kenako anandiyang'ana. "Mwakondwa tsopano, amake mwana?"

Kugalaji ya ku boma kunali kosatheka. Ndalama zake tinalibe, komanso masiku amenewo sunkadziwa amene akakunenere. Amayi anati tiyese kwa afundi, bambo wachikulire amene ankasula anangula a mabwato ndi kukonza njinga zakapalasa kuseri kwa mzikiti. Amuna anga sankatha kuponda pansi. Choncho Lamulungu m'mawa ndinaikankha ndekha, mwana kumsana, nkhuku ziwiri za amayi zitamangidwa pampando.

Ine ndine munthu amene ndinasiya sukulu sitandade 3 chifukwa choopa kuimirira n'kuwerenga pamaso pa anzanga. Nditafika ndinagwada patali. Asodzi anayi amene ankasoka ukonde pamthunzi anayamba kuseka.

"Afundi, kwabwera dalaivala wamkazi!"

"Layisensi yake ndi nkhukuzo!"

Afundi anazungulira njinga, n'kuona nambala yake, n'kuona ine. "Mwanangu, iyi ndi ya boma. Ukufuna andimange?"

"Atithamangitsa m'nyumba," ndinatero. Ndi zokhazo zimene ndinakwanitsa.

Anamasula nkhuku zija n'kuziyeza m'manja. "Zowonda. Chabwino, Inshallah."

Anachotsa thanki ndi mpando, n'kumangirira felemu ku mtengo wa bwemba ndi tcheni cha nangula. Anaika makala pachitini pansi pa malo opindikawo n'kupukusa mvukuto mpaka chitsulo chinafiira. Ndiye analowetsa mpope wautali wachitsulo kukhosi kwa njinga, asodzi aja n'kumakoka akuimba nyimbo yokokera ukonde. Chitsulo chinalira. Ine ndinatseka maso, poganiza kuti chathyoka.

Dzuwa lili pamutu anabwezera zonse. Afundi anaima kutsogolo, diso limodzi chotsinzina, nati, "Yawongoka ngati njanji. Tenga uzipita."

Ndinathokoza n'kuyamba kukankha. Pamene ndinaima kuti ndimange bwino mbereko, ndinacheuka. Pamchenga panali mizere iwiri. Tayala lakumbuyo silinkaponda m'mene laponda lakutsogolo, linkayenda pambali pake, mpata wa zala ziwiri. Ku Chitala ndinkasesa pabwalo m'mawa uliwonse amuna anga akachoka, ndipo ndinkadziwa kuti njinga ija ikamayenda molunjika imasiya mzere umodzi. Ndinkaufufuta ndi tsache tsiku ndi tsiku.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Afundi anali atasamba kale kuti akaswali mumzikiti. Kodi ine, mkazi wogwada, ndikawauze bambo a imvi kuti ntchito yawo siinathe, pamaso pa amuna anayi, nditalipira nkhuku zowonda? Ndinakankhanso pang'ono, mwina ndinakhotetsa ndine. Mizere iwiri. Ndinaganiza za katundu wathu ali panja pa nyumba ku Chitala, mphasa, mapoto, mwana padzuwa.

Ndinadikira mpaka atuluke mumzikiti. Ndinagwada. "Pepani abambo. Siinawongoke."

"Ati chiyani?" anafunsa msodzi wina. "Afundi, lero mwapeza mwalimu wanu!"

Nkhope ya afundi inauma. "Zaka zonsezi ndikusula, diso langa silinandinamizepo."

Ndinangodzuka n'kukankha njinga pamchenga wonyowa, molunjika, kenako ndinaloza pansi. Afundi anayenda motsatira mizereyo, ananjuta, n'kuyeza mpatawo ndi zala zawo. Asodzi analeka kuseka.

"Masulani thanki," anatero afundi.

Anawotcha kawiri kena. Akakoka, ine ndinkakankha njinga pamchenga, amuna asanu akunditsatira mitu ili pansi ngati osaka mbewa. Kachiwiri mpata unatsala chala chimodzi. Kachitatu afundi anati kuwotchanso chitsulo chifooka, ndiye anakoka chozizira, pang'onopang'ono. Nditakankha, mzere unali umodzi.

"Alhamdulillah," anatero afundi. Penti inali itapsa yonse pamalopo, ndiye anapakapo yakuda yotsala ya bwato. Kamalo kolowa mkati kanatsalabe, koma thanki inakabisa.

Lolemba m'mamawa amuna anga anamanga bondo ndi chidutswa cha chitenje changa n'kukwera okha. Ine ndi mwana tinatsatira pa sitima ya pamtunda. Lachitatu ndinasuzumira pazenera abwana akuzungulira njinga. Anakhudza penti ija ndi chala, n'kununkhiza.

"Njinga yakoyi ikununkha nyanja," anatero.

Amuna anga anangoti, "Bwana."

Abwana anawauza kuti aikwere mpaka pamsewu n'kubwerera, iwo ataima kumbuyo akuyang'ana matayala. Ine ndinaluma nsonga ya mbereko. Atabwerera, abwana anatseka buku lawo osalembamo kanthu, n'kupita pa njinga ina.

Tinakhala m'nyumba imeneyo zaka zina zisanu ndi chimodzi. Amuna anga sanafunsepo kuti kwa afundi kunayenda bwanji, ndipo sanandikwezenso pa njinga ija. Koma m'mawa uliwonse, ndisanasese, ndinkayamba ndaona mzere umene asiya pabwalo.