Mamba a Nsomba M'ndowa

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene mjigo wa m'mudzi mwathu, kufupi ndi Benga, unawonongeka pakati pa dzinja. Pakati pa nyumba zathu ndi nyanja panali dambo lalikulu la bango ndi gumbwa. Ngalande yochokera kumsika, komwe ankatumbula nsomba, inkathira m'dambomo madzi akuda onunkha, koma kumunsi, komwe bango linkathera, madzi ankatuluka oyera. Amayi anandiuza kuti ndizikatunga kumunsiko, iwo aziwiritsa.

Vuto linali njira. Unkadutsa m'matope ofika m'mawondo, bango likukucheka m'mikono, misundu ikukakamira kumiyendo. Ine mantha ndinabadwa nawo, ngakhale buluzi ankandithamangitsa. Tsiku lina ndili pakati pa dambolo ndinamva chinthu chikuphwanya bango, ndipo ndinaliyatsa liwiro kubwerera. Ndinakatunga pachithaphwi cha kumtunda, pafupi ndi ngalande, pomwe madzi anali atadikha n'kumaoneka ngati abwino. Ndinatula ndowa pakhonde osanena kanthu.

Amayi asanasonkhe moto, mlongo wanga Yusufu, wazaka ziwiri, anaviika kapu m'ndowamo n'kumwa. Ndinamuona ndi maso angawa, koma pakamwa panga panalemera.

M'mawa mwake anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Pofika masana maso anali atalowa m'kati, kulira kwake kusakumvekanso. Amayi anamubereka, abambo n'kuwakweza panjinga kuthamangira kuchipatala. Ndinatsala ndi azakhali anga, a Mwanaisha. Chakudya chinandikanika. Belu la njinga likalira kumsewu, mtima unkangoti phwii, ndimvekere uthenga wa maliro uja wafika, ndipo wapha mwana ndine.

Tsiku lachiwiri azakhali akutsuka ndowa ija anandiitana.

"Iwe Asiyatu, mamba a nsomba awa alowa bwanji muno? Unatunga kuti?"

Ndinagwada n'kulira mpaka kubanika. Ndinkadikira mbama, koma anangondigwira dzanja mwamphamvu n'kundikokera kudambo. Tinayambira pangalande pomwe, ntchentche zili ng'waa, kenako tinalowa m'matope muja. Madzi ankayera pang'onopang'ono pamene tinkapita, mpaka kumunsi ndinaona zala za kumapazi anga.

"Waona? Bango ili limameza nyansi zathu zonse," anatero azakhali. "Mphepo ya mwera ikakalipa ndi lomwelinso limatchinga mafunde kuti asatigwetsere nyumba. Ukaopa, uzindiitana tipite tonse. Koma usadzabisenso."

Yusufu anabwera patatha masiku anayi, atamuika madilipi, nthiti zikuwerengeka, koma wamoyo. Azakhali anamwalira patapita zaka osauza munthu aliyense za ndowa ija, ndipo amayi mpaka lero amaloza chala mjigo uja.

Tsopano ndimamvetsa kuti chomwe chinatsala pang'ono kupha mlongo wanga si mantha anga a m'dambo, koma kukhala kwanga chete pamene ankanyamula kapu ija. Chaka chatha Yusufu, amene tsopano ndi bambo wa ana atatu, anandiuza, chikwanje chili m'manja, kuti akufuna kulambula bango lonse la kuseri kwa nyumba kuti alimepo mpunga. Mantha omwe aja anandibwereranso, koma ulendo uno ndinamukhazika pansi n'kumuuza zonse, kuyambira pachithaphwi. Kenako anadzuka n'kukabwezera chikwanje m'nyumba.