Ankhoswe ndi Njinga Yamagetsi

Ku Chulu kuli ankhoswe ena amene banja likagwedezeka anthu amawathamangira. Koma iwo sathamanga. Amayamba apukuta njinga, n'kumanga buluku ndi mphira, kenaka n'kumapalasa akulonjera aliyense wa m'minda. "Mlandu ndi fodya," amatero, "uyambe wauma m'chigafa."

Mawondo atayamba kuwavuta, mwana wawo Sellah anawatengera ku boma kukasankha njinga yamagetsi. Ankhoswe anakana yaitali yothamanga, natenga yopanda chitsulo chapakati kuti asamakweze mwendo.

"Imeneyo ndi ya amayitu, madala," anatero wogulitsa.

"Mawondo anga sadziwa zimenezo."

Posakhalitsa mphwawo Gomezgani anaimba foni kuti mkazi wake Feggie akumanga katundu. Njinga ija inawafikitsa msanga mopitirira, moti anapeza mkangano udakali wauwisi, aliyense akukuwa zake. Ankhoswe anaona kuti pano mawu salowa.

"Ana inu, njinga yandithera moto. Ndi yolemera, ndipo mawondo anga mukuwadziwa. Ikankheni nonse awiri mpaka pagolosale."

Wamkulu sakanidwa. Feggie anagwira mahandulo, mwamuna wake keliyala, ankhoswe akutsimphina m'mbuyo. Pamchenga awiriwo anakalipirana za kakankhidwe, pachitunda anangokhala wefuwefu. Potsetsereka njinga inawapulumuka, ndipo poithamangira anagwera limodzi m'mizere ya mtedza, n'kuphulika kuseka.

Wagolosale atalumikiza chingwe anadabwa. "Madala, batiretu ndi lodzadza."

"Tsitsani mawu, achimwene," ananong'ona ankhoswe. "Tchajani chomwecho, ndipo musafulumire."