Chitenje Chophimba Kanema

Mundikhululukire owerenga chifukwa cholimba mtima n'kulemba, ine wa sukulu yakumudzi amene Chichewa ndinachipeza m'kalasi. Mawu ena akapendama musandiseke kwambiri.

Ndikukumbukira ndili Sitandade 7 ku Chilumba, nthawi ija munthu sankalowa mumsika popanda khadi la chipani. Kudera kwathu nyumba imodzi yokha ndiyo inali ndi vidiyo, ya bambo ake a Dalitso, kalaliki wa padoko wochokera ku Dedza. Inkayendera batire la galimoto. Loweruka masana ankatseka mawindo n'kuika mafilimu akale omwe anabwera nawo m'katoni: a makaoboyi, a karate, a nkhondo, achimwenye odzaza nyimbo, ndi ena oseketsa a anthu ongothamangitsana osayankhula.

Dalitso ankakhala nane desiki imodzi ndipo ndinkamuthandiza masamu. Ndinali wotsimikiza kuti woyamba kuitanidwa ndidzakhala ine. Ndinayeserera ngakhale moni wa Chichewa kuseri kwa nkhokwe. Koma anaitana Wongani, msuweni wanga, mnyamata waphokoso wonunkha usipa, amene Chichewa chake chinali theka Chitumbuka.

Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi, ana ankamuzungulira pansi pa mtengo wa mango. Iye ankawombera mfuti ndi zala, kulira ngati mayi wachimwenye, kukankha mpweya ndi mwendo mpaka kabudula kuthetheka. Ine ndinkaima patali ngati sindikumva, koma ndinkamva zonse. Ndinkadzifunsa kuti kodi Chingelezi cha mufilimu akuchimva bwanji munthu wolephera dikiteshoni.

Tsiku langa loitanidwa linafika. Ndinasamba, ndinadzola mafuta a amayi, ndinagwada pakhomo popereka moni. Malo anali ochepa, choncho anandikhazika pambali penipeni pa kanema.

Pamenepo ndinaona ntchito ya Wongani. Matepi anali otha, chithunzi chikugwa mizere ngati mvula, mawu akumveka mwa apo ndi apo. Wongani ndiye ankayankhulira aliyense. Kaoboyi akatsegula pakamwa, iye ankati, "Iwe mdala, ng'ombe zanga wazipititsa ku Songwe eti?" Nyumba yonse inkagwa ndi phwete. Ine ndinkamva bwino kuti kaoboyiyo wangopempha madzi.

Panalinso lamulo la amayi ake a Dalitso. Mwamuna ndi mkazi akayandikizana nkhope, iwo ankadzuka n'kuphimba kanema ndi chitenje chobiriwira mpaka zoopsazo zitadutsa. Tsikulo atangophimba, kamlongo ka Dalitso kanafunsa kuti, "Akutani?"

"Akupemphera," anatero Wongani, nkhope ili gwa. "Tsinzinani nonse."

Pomwe ndinakhala ine, chitenje sichinafike. Ndinaona mpata wosonyeza kuti nanenso ndilipo, ndiponso kuti ndine woona mtima.

"Pepani amayi," ndinatero mwaulemu wonse, "sakupemphera ayi. Akupsompsonana."

Bambo ake a Dalitso anayang'ana kudenga. Amayi aja anandiyang'ana nthawi yaitali, chitenje chili m'manja.

"Vitumbiko mwanawe," anatero mofatsa, "ukuganiza kuti ife sitikudziwa?"

Sindinabwererekonso. Palibe anandiletsa, koma manyazi anandimanga miyendo, ndipo nsanje inakula kuposa kale. Poyamba ndinkasirira malo a Wongani pamkeka. Tsopano ndinkasirira chinthu chimene sindikanatha kumulanda. Tikakumana popita kunyanja ndinkamuyankha mawu amodzi amodzi.

Kumapeto kwa chaka kunamveka kuti banja lija lasamutsidwira ku Nkhotakota. Wongani anandipeza ndikupalira chinangwa.

"Amama ake a Dalitso akuti ubwere, ndi filimu yotsanzikana."

"Ndili ndi ntchito."

"Yayi iwe, chinangwa chithawa? Tiye, abusa a chilungamo."

Titafika, bambo ake a Dalitso anaika filimu ya makaoboyi ija. Itatsala pang'ono kutha, chithunzi chinayamba kuchepa, kenako chinazima. Batire linali litatha mphamvu. Ana anadandaula, koma Wongani anali ataimirira kale.

"Ndimaliza ine. Koma ndikufuna munthu woti afe."

Anandikoka dzanja. Ndinaimirira patsogolo pa onse. Analoza zala zake pachifuwa panga n'kufuula kuti phaa! Ine, posafuna kugwera katundu wa eni ake amene anali atamangidwa kale, ndinatembenuka n'kufunsa kuti, "Ndifere pati, amayi?"

Sindinamvepo anthu akuseka chomwecho. Bambo aja anatsamira khoma. Amayi anandilozera pamkeka misozi ikutsika, ndipo nditagona anatenga chitenje chobiriwira chija n'kundifunditsa mpaka kumutu. Wongani anayamba nyimbo ya maliro m'Chitumbuka. Maliro ake ankagwedezeka, chifukwa pansi pa chitenjecho inenso ndinali kuseka.

Lero ndimaonera mafilimu akale omwewo kunyumba ndi ana anga, chithunzi chili mbee, mawu onse akumveka. Ndi abwinobe, koma ndinazindikira kuti anthu aja sankasonkhanira chithunzi. Anali atachiona kambirimbiri. Ankafuna kuseka pamodzi kutali ndi kwawo, ndipo Wongani ankawapatsa zimenezo, pamene ine ndinali kalikiliki kufuna kuyamikiridwa.

Nsanje yanga pa msuweni wanga inathera pansi pa chitenje chija, Loweruka pa 29 Disembala 1990.