Nyimbo ya Nkhalamba ya pa Mkuyu

Ndikukumbukira kulira kwa waya wa mabuleki a njinga akamaukunga pa banjo. Unkayamba pansipansi ngati njuchi m'mphako, kenaka n'kukwera mpaka kuumva m'mano. Ukamva zimenezo pa chigayo cha kwathu ku Magodi, unkadziwa kuti a Zimba, woimba wa m'dera lathu, afika ndi nyimbo yatsopano. Nthawiyo ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ndinkakhala ndi agogo obala mayi anga, poti makolo anga onse anamwalira ndi matenda m'chaka chimodzi.

A Zimba anali ndi kachitidwe kawo. Nyimbo asanaijambule pa kaseti, ankayamba aiyesa Loweruka masana pamaso pa anthu odikira kugaitsa. Akamaliza ankafunsa kuti, "Yakoma?" Apo akuluakulu ankakonza: apa mwathamanga, apa onjezani mawu. Ana ntchito yathu inali kuvina basi. Ine sindinkavina. Ndinkakhala pa thumba la chimanga n'kumasunga nyimbozo mumtima, makamaka ya ng'ombe yokana goli, imene ndinkaiimba ndekha kudambo.

Tsiku lina anabwera ndi nyimbo ya nkhalamba yokhala patsinde pa mkuyu, imene inadya mwana wake wamkazi ndi mkamwini kuti munda wake uzibereka. Anthu ankavomera kuti, "Pa mkuyu watsala ndani?" Inali yokoma, sindinganame, moti nane phazi langa linagunda pansi. Koma m'mudzi mwathu munali mkuyu umodzi wokha, ndipo nyumba ya patsinde pake inali yathu.

Sipanapite nthawi. Agogo akafika pa mjigo, amayi anzawo ankanyamula zidebe zosadzaza n'kuchoka. Odzagula mtedza pakhomo anasiya kubwera. Agogo anayamba kutunga madzi dzuwa lili paliwombo, pa mjigo popanda munthu. Chimene chinandipweteka koposa, tsiku lina tikuswa mtedza ndinawamva iwo eni akuing'ung'udza nyimboyo mosazindikira. Atadzimva anagwira pakamwa.

Kenaka tinamva kuti a Zimba aijambula, ndipo akakolola apita nayo ku msika wa Lundazi kwa mnzawo wochulukitsa makaseti. Ndinadziwa kuti ikangolowa m'maminibasi, agogo adzakhala mfiti mpaka ku Chipata.

"Ndikawauza a Zimba," ndinatero kwa agogo.

"Ukawauze chiyani, Tiyezge? Pakhomo pano palibe mwamuna wotilankhulira. Khala chete, nyimbo zimatha."

Loweruka lotsatira a Zimba atamaliza anafunsa monga mwa nthawi zonse, anthu n'kuyankha mokweza kuti yakoma. Ndinadikira phokoso litsike. Kenaka ndinakwera pa thumba lija.

"Sinakome."

Anthu anaseka. Mayi wina anati, "Kodi kamwanaka kamalankhula? Ine ndimayesa n'kosalankhula!"

A Zimba anandikodola akumwetulira. "Bwera kuno, mphwanga. Yalakwika pati? Waya wamasuka?"

"Waya uli bwino. Nkhani yake ndi yabodza."

"Nkhani za m'nyimbo zonse n'zopeka. Ng'ombe ija unaionapo ikulankhula iwe? Nanga apa ndatchula dzina la ndani?"

"Ng'ombe ija munaiyang'ana musanaiimbe," ndinatero. "Mmene imagwetsera khosi, mmene imagonera mumzere, zonse n'zoona. Nkhalamba iyi simunaiyang'ane, mwangomva kwa anthu. Mukufunsa kuti watsala ndani. Ndatsala ine, ndipo amandidyetsa ndi iwowo."

Mwini chigayo anandikoka khutu mpaka kumsewu, akuti mwana wopanda mwambo. Kunyumba agogo anandikwapula ndi kamtengo, misozi ili m'maso mwawo, osati mwanga.

Loweruka linalo ndinapitanso, chimanga ndilibe. A Zimba anaimba, anafunsa, ine n'kuyankha kuti sinakome. Lotsatira chimodzimodzi. Anyamata anayamba kundinena kuti Sinakome, ena n'kumandigenda ndi zitsononkho. Koma ndinaona kuti pofika povomera paja, amayi ena akandiona nditaima ndikuwayang'ana, mawu ankawathera kukhosi. A Zimba anasiya kumwetulira.

"Ukufuna chiyani kwenikweni, iwe?" anandifunsa tsiku lina akumangirira banjo pa njinga.

"Mawa masana mukaime pa mjigo."

Anakwera njinga n'kupita. Koma mawa lake nditabisala m'chimanga ndinaona njinga yawo itatsamira pa mtengo. Agogo ankapopa okha, akupumira panjira. Kwathu chidebe chodzaza munthu sasenza yekha, mnzako amakusenzetsa. Agogo anagwada, anachikokera pa bondo, madzi n'kutayikira pa chitenje, anayesanso. A Zimba anaima nthawi yaitali. Kenaka anayandikira.

"Monire, amama," anapereka moni m'chilankhulo cha kwathu.

"Yewo," anatero agogo osakweza maso.

A Zimba anagwira chidebe mbali ina n'kuwasenzetsa, n'kubwerera ku njinga yawo.

Lero achinyamata amandibweretsera nyimbo m'mafoni ndi nkhani zimene alemba, n'kufunsa ngati zakoma. Ndimawauza zoona pamaso, ngakhale ena sabweranso. Ndinaphunzira pa chigayo paja kuti bodza loimbidwa bwino limayenda mtunda kuposa choona, ndipo kupeka si chilolezo choimba za munthu amene sunamuyang'ane. Nyimbo ija sinafe msanga, ayi. Pamowa inkamvekabe, ndipo amayi ena sanabwerere kwa agogo mpaka imfa yawo.

Koma ku boma, ku Lundazi, nyimboyo sinafike. Titakolola, m'mawa wina ndikusesa pabwalo, a Zimba anatulukira atavala jekete, ulendo wa ku Lundazi. Anaimitsa njinga pansi pa mkuyu osatsika, phazi limodzi pansi.

"Ndiwe wovuta, mphwanga," anatero. "Nyimbo yabwino chonchi, anthu onse akuifuna, iwe wekha."

"Kuimba kwake n'kwabwino," ndinavomera.

"Ndikudziwa zimenezo, usandiuze."

Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kaseti yopanda chikuto.

"Ilipo imodzi yomweyi. Ku boma ndikupita ndi zina."

Anaiika m'manja mwanga, ikadali yofunda, anapalasa njinga n'kulowera kumsewu waukulu.