Mafomu 60 a kwa Nyachikadza

Ndinanyamuka mu Blantyre Lachinayi m'ma 6 koloko m'mawa, mafomu 60 ali m'chikwama. Ndinali m'chaka chomaliza cha maphunziro a zandale ku yunivesite, ndipo aphunzitsi ondiyang'anira anali atanena mosapsatira kuti mafomu onse akhale atadzazidwa pofika Lolemba, apo ayi za digiri ndiiwale chaka chimenecho. Funso la kafukufuku wanga linali lakuti: kodi anthu a kwa Nyachikadza ku Nsanje amawakhulupirira atsogoleri awo? Yankho ndinali nalo kale, ndinalipeza mulaibulale. Kumeneko ndinkangokatenga umboni.

Minibasi inali K18,000. Potsetsereka mapiri a ku Thabwa mabuleki anayamba kununkha, ndipo mayi amene ndinakhala nawo anayamba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Titawoloka Shire, kutentha kunalowa pawindo ngati wina watsegula uvuni. Pa Nchalo anakwera bambo wina wodula nzimbe, chikwanje atakulunga m'saka, nandifunsa zimene ndimaphunzira.

"Zandale," ndinatero.

"Zimenezonso amaphunzira? Ife kuno timangozionera zikutichitikira."

Pa Ngabu tinaima ola lathunthu kudikira okwera, ine ndikudya kanyenya wa mbuzi. Ku Nsanje tinafika m'ma 2 koloko masana, ndipo ndinagona pa resitihausi ina yomwe fani yake inkazungulira mwaulemu kwambiri.

Lachisanu m'mawa wakabaza anakanditula padoko. Kwa Nyachikadza kulibe msewu, umakwera mwadiya, bwato losema pa mtengo umodzi, n'kudutsa m'dambo. Wopalasa, a Zuze, anayang'ana chikwama changa.

"Mwabwera kudzalemba, achemwali?"

"Eya, kudzalemba," ndinayankha monyadira.

Anatulutsa kafoni nayankhula Chisena chothamanga. Sindinatolepo kanthu.

Pofika tsidya linalo ndinapeza anthu atandanda kale pansi pa mtengo wa mango, amayi ndi ana kumbuyo, madoda ndi ziphaso zawo m'timajumbo. Mumtima ndinati, anthu okonda maphunziro ndi amenewa. Sindinkadziwa kuti kudera kumene madzi amasefukira chaka ndi chaka, mlendo wonyamula mapepala ndi cholembera amabwerera chinthu chimodzi basi, kulemba maina a olandira chithandizo.

Ndinawawerengera mawu oyamba monga anatiphunzitsira: kafukufukuyu ndi wa sukulu, palibe cholandira. Onse anagwedeza mitu. Bambo wina pamzerepo anati, "Onse amayamba choncho." Anthu anaseka, mzere sunasunthe.

Tinayamba. Phungu wanu mumamukhulupirira? "Kwambiri." Khansala? "Kwambiri." Nanga boma? "Pamenepo lembani kwambiri kawiri." Pofika fomu ya khumi ndinali nditazindikira chimene chikuchitika. Palibe amene akanadandaula pamaso pa munthu amene akuganiza kuti wagwira chimanga chake. Ndikanatha kuimirira, kuitana a Zuze kuti anene m'Chisena momveka kuti ine ndilibe ngakhale thumba limodzi. Ndinayang'ana mafomu otsala, ndinakumbukira Lolemba, ndinaitana wotsatira.

Fomu ya 41 inali ya mayi Alufandika, achikulire, amene nyumba yawo inapita ndi madzi ndipo ankalera zidzukulu zitatu m'chisakasa. Anayankha zonse, koma sanadzuke.

"Dzina simunafunse."

"Amayi, malamulo a kafukufuku salola kulemba dzina. N'kukutetezani inu nomwe."

"Kunditeteza kwa ndani? Chaka chatha anandidumpha ati dzina silinaoneke. Lembani, mwananga."

Ndinalemba ndi pensulo kuseri kwa fomu. Anaitana a Zuze kuti awawerengere, ndipo atamva kuti lalembedwa bwino anati, "Takhuta," kuthokoza kwa Chisena. Kenako anamasula kansalu nandipatsa nyika zophika, timizu ta m'dambo timene anthu amadya chakudya chikasowa. Ndinadya. Manyazi amene ndinachita sindinawachitepo chibadwire, komabe mafomu 19 otsalawo ndinawamaliza dzuwa lisanapendeke.

Loweruka ndinakwera minibasi yobwerera, ndipo Lolemba m'ma 9 koloko ndinali muofesi ya aphunzitsi anga. Anasanthula mafomuwo maso ali mwee. Anati zotsatira zake n'zodabwitsa, anthu ovutika ndi madzi chonchi koma okhulupirira atsogoleri awo kuposa a m'tauni. Anati ntchito ngati imeneyi ndi yofunika kukaiwerenga kumsonkhano wa akatswiri. M'zaka zinayi ndinali nditaphunzira kufunsa mafunso, koma palibe anandiuza kuti munthu wanjala amayankha funso lake, osati lako. Zimenezi sindinawauze.

Atafika pa fomu ya 41 anaitembenuza.

"Ichi n'chiyani? Dzina la munthu pa fomu? Mukufuna akulepheretseni a komiti yoona za malamulo a kafukufuku?"

Anatsegula kabati, nandipatsa labala. Ndinafufuta iwo akuyang'ana, mpaka pepala linayera.