Mwana wa M'chikabati

Amuna anga atakwezedwa pantchito kuesiteti ya tiyi ku Thyolo, kampani inatipatsa nyumba imene kale munkakhala mzungu. Inali pachitunda, tiyi mbali zonse, ndipo chiperoni chikatsika sunkaona ngakhale mtengo wa mapeyala umene unali pakhomo penipeni. Nyumbayo ndinaikonda tsiku lomwelo, kupatula chinthu chimodzi. Pabalaza panali chikabati cha mbawa chomangira kukhoma, kuyambira pansi mpaka kudenga, chotenga khoma lonse.

Mzunguyo anachipangitsa kuti aziikamo zomusangalatsa. M'mwamba munali timashelefu ta mbale za galamafoni. Kumanja kunali kachitseko, ndipo ukatsegula unkapeza malo a mabotolo, fungo la mowa litalowerera m'matabwa. Ife ndife a Sabata, choncho ndinakwecha malowo ndi sopo mpaka manja kusupuka, koma kukachita chinyontho fungolo linkabwereranso. Pakati panali thabwa lokoka ngati dilowa, pamene pankakhala galamafoniyo. Pansi pa thabwalo ndiye panali chibowo chachikulu, mmene munkakhala TV yake yoonera mavidiyo. Nthawi imeneyo dziko lathu linali lisanayambe kuulutsa za kanema, ndipo ife tinalibe ngakhale ganizo logula chinthu chotero.

Mashelefu ndinathana nawo. Ndinaikamo mbale zadothi za paukwati wathu, mabuku a nyimbo ndi tinsalu toluka. Koma chibowo chija chinandikanika. Ndinaikamo maluwa a pulasitiki, anangooneka ngati asochera. Ndinaikamo wailesi yathu, inachepa ngati kasopo m'beseni. Alendo akabwera maso awo ankathamangira pomwepo, ndipo wina wosowa chonena ankafunsa ngati TV yapita kokonzetsa. Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ndinawauza amuna anga kuti chinthuchi chigumulidwe basi. Iwo anati nyumba ndi ya kampani, sungazule ngakhale msomali popanda chilolezo, koma akapempha. Anakapemphadi, ndipo chaka chinatha tili chidikirire.

M'chaka chimenecho mng'ono wanga anamwalira kwathu ku Thekerani. Anali telala, ankasoka pakhonde la nyumba yake, ndipo mwamuna wake anali atatsogola kale. Anasiya mwana mmodzi wamkazi, wa msinkhu woyamba sukulu. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mawu omaliza pa iye amakhala a amalume ake. Amalume akewo ndi achimwene anga, oyamba kubadwa m'banja mwathu, amenenso ndi mkulu wa mpingo, munthu wosalankhulalankhula. Ndinawapempha kuti mwanayo ndimtenge ine, popeza anyamata anga anali atapita kusukulu zogonera komweko ndipo nyumba inali zii. Anavomera, koma anaikapo mawu pamaso pa abale onse.

"Mtengeni, chemwali. Koma tikaona kuti sakukhazikika, tidzabwera kudzamtenga."

Mwanayo anafika ndi kachikwama ka pulasitiki, osalankhula. Ukamfunsa ankayankha ndi mutu. Ndinamukonzera chipinda chake, bedi lake, bulangete latsopano, ndipo kugona ankagonamo bwinobwino. Vuto linali masana. Tsiku lachiwiri ndinamufuna kuseri, kukhitchini, ngakhale m'mizere ya tiyi, mtima uli m'mwamba. Pobwerera m'nyumba ndinamupeza ali m'chibowo chija, atakumbatira maondo, akuyang'ana kunja, akusolola ulusi pa kansalu kanga koluka.

Ndinamtulutsa mwachikondi, anabwereramo. Ndinamunyengerera ndi mzimbe, anautenga nakadyera momwemo. Ndinamukalipira, anangondiyang'ana ndi maso a mayi ake, ine n'kuchita manyazi. Patebulo sankadya, ankangogwiragwira chakudya mpaka chizizire. Koma ndikamuikira mbale m'chibowomo, inkatuluka yoyera. Mwana anali akuonda ndikumuona, ndiye ndinasankha kuti adye. Juni atafika ndi kuzizira kwake ndinamuikiramonso pilo ndi kabulangete. Amuna anga anangoti, "Bola akudya, mayi."

Kunali mayi wina wa ku Thekerani komweko amene ankabwera ndi nthochi kudzagulitsa m'nyumba za paesiteti. Tsiku lina anafika kukuwaza mvula ya chiperoni, atanyowa, ndipo ndinamulowetsa pabalaza kuti amwe kenakake kotentha. Atangokhala pansi, maso ake anagwera pachikabati. Mwana anali mkati ndi mbale yake ya chinangwa ndi nandolo.

"Kodi uyu si wa malemu atelala uyu?"

"Ndi yemweyo," ndinatero.

"Oo. Ndiye amadyera mmenemu?"

Ndinayamba kufotokoza kuti amafuna yekha, kuti ali ndi chipinda chake, kuti patebulo amakana. Ndikulankhula ndinkadzimva ndekha kuti zikumveka ngati bodza. Mayiyo ankangoti, "Eya, eya, ana amatero," koma maso ake akuyendera tebulo lathu lalikulu ndi mipando yake yopanda anthu. Nthochi anandigulitsa motchipa, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti wapeza katundu wina wobwerera naye kumudzi.

Sipanatenge nthawi. Dalaivala wa lole ya nkhuni anandipatsira uthenga woti achimwene abwera Lachisanu. Sanatumize chifukwa, koma ndani akanafuna kuuzidwa? Mwana wamasiye, m'nyumba ya abwana, akudyera m'kabati. Ndikanamva ine nkhani yotero ya munthu wina, ndikananyamuka tsiku lomwelo kukamlanda. Ndinachita mantha kwambiri, chifukwa mwanayu ndinali nditamukonda. Ngakhale sankalankhula, ndikamasesa pabalaza ndinkamva maso ake akunditsata, ndipo ndi chokhacho chimene mng'ono wanga anandisiyira. Lachinayi ndinabwezera maluwa a pulasitiki m'chibowo muja kuti nditseke malo. Iye anawatulutsa bwinobwino, nawaimika pambali, nalowa.

Achimwene anafika Lachisanu dzuwa litapendeka, atavala jekete lawo la kutchalitchi, paphewa atasenza thumba lomanga ndi chingwe. Amuna anga anathamanga kuti awalandire, koma iwo anakana.

"Ayi alamu, ili ndinyamula ndekha. Mungondionetsa kogona."

Analiika kuchipinda cha alendo, nasamba m'manja, nalowa pabalaza. Mwana anali pamalo ake. Anaima nthawi yaitali akumuyang'ana, kenaka munthu wamkulu uja ananjuta pansi namupatsa dzanja. Mwanayo analandira moni ali momwemo.

"Achimwene, ndilongosole," ndinayamba.

Iwo anasuzumira pawindo. "Dzuwa likulowa, chemwali. Titsegule Sabata. Zokambirana zidikire."

Amene si a Sabata mwina sangamvetse. Kuyambira pamenepo mpaka dzuwa litalowanso mawa lake, palibe ntchito, palibe malonda, palibe milandu. Ndakhala ndikulikonda tsikuli moyo wanga wonse, koma limenelo linandiwawa. Kutchalitchi sindinamve ngakhale mutu wa ulaliki. Achimwene ankaimba besi yawo mokoma ngati munthu wopanda nkhani m'mimba. Pobwerako anadya kalongonda, nyemba zakwathu zija, amene ndinawaphikira dzulo lake, nayamikira, napemphanso wina. Mwana anatenga mbale yake nakalowa nayo m'chibowo iwo akuona.

Ndinawakokera amuna anga kukhitchini n'kuwanong'oneza kuti akalankhulepo, mwina iwo awamvera.

"Ine ndine mkamwini, mayi," anatero. "Pa mbumba ya eni ndilibe pakamwa. Tiyeni tidikire."

Masana onse achimwene anakhala pampando woyang'anana ndi chikabati, Baibulo lili pamiyendo, koma sindinawaone akutembenuza tsamba. Ine m'mutu mwanga ndinali nditalongedza kale zovala za mwana, ndikuganiza ngati bulangete latsopano lija angalole kuti apite nalo.

Dzuwa litalowa tinaimba, tinapemphera, Sabata n'kutsekedwa. Achimwene anadzuka nakatenga thumba lija. Pomasula chingwe, munatuluka mutu wa makina osokera, wakuda, maluwa ake agolide atafufutika pamene dzanja la mng'ono wanga linkagwira. Mwana anatuluka yekha m'chibowo, popanda womuitana. Anafika nagwira gudumu la makinawo, nalizungulitsa pang'ono.

Achimwene anakoka thabwa la galamafoni lija, nalidina ndi manja kuona ngati ndi lolimba, nakhazikapo makinawo. Anakwanapo ndendende.

"Mayi wanthochi uja atafika, kumudzi kunatentha," anatero. "Abale anandituma kuti ndidzamtenge mwanayu. Ine ndinamufunsa mayiyo kuti kodi mmenemo amakhala bwanji. Atati amakumbatira maondo n'kumayang'ana kunja, ndinati ayi, ndikaone ndekha. Chemwali, mwanayu wakulira kunsi kwa tebulo la makina a mayi ake. Ankadyera pomwepo, kugona pomwepo, akutola tizigamba tikamagwa."

"Nanga ine bwanji sindinamuonepo akutero?"

"Inu kumudzi mumabwera pa Sabata kapena pamaliro. Makina amakhala atavundikiridwa."

Zinali zoona. Zaka zonsezo mng'ono wanga sindinamupezepo akusoka. Ndinkamupeza atavala zoyera, makina atafunda chitenje pakona.

"Tebulo lake lachitsulo sindikanatha kulinyamula pamatola," anapitiriza, "ndiye ndinamangitsa chopukusira chapamanja. Makinawa ndi ake mwanayu. Akhale kumene iye ali."

Ndinangokhala pansi pasimenti, ndikuseka, misozi ikutsika, mtima utagwa pansi kwa nthawi yoyamba chimvereni uthenga wa dalaivala uja. Kenaka, monga mwa chikhalidwe changa, mkwiyo unabwera pambuyo.

"Ndiye tsiku lonseli mumandiona ndikuuma ngati chikuni, inu n'kumangodya kalongonda wanga? Mawu amodzi okha akanaswa Sabata?"

"Makina ndi ntchito, chemwali," anayankha, nkhope ili phee. "Komanso ndimafuna ndione kaye mbale ija ngati imatulukamo yopanda kanthu."

Amuna anga anaseka mpaka kutsokomola. Ine kusoka ndinali nditasiyira kusukulu, koma ndinakoka mpando, n'kutenga chovundikirira pilo chakale, n'kuyamba kupukusa. Mzere wake unakhota ngati njira ya mbuzi. Makina atangoyamba kulira, mwana analowanso m'chibowo chake, tsopano kunsi kwa thabwa, natsamiritsa mutu wake pamiyendo yanga. Ndinasoka chovundikiriracho uku ndi uku, popanda pong'ambika, kungoti phokosolo lisaleke.

Chikabati chija chinasanduka malo osokera. M'timashelefu ta mbale za galamafoni munalowa nsalu zopinda, ndipo kumalo a mabotolo kunakhala maulusi, singano ndi mafuta a makina, amene fungo lake linagonjetsa la mowa. Mwana sanasinthe tsiku limodzi. Anayamba kudyera patebulo masiku ena, ena ayi, mpaka chibowocho chinamuchepera chokha. Kalipentala wa kampani anafikadi patapita miyezi, ndi hamala ndi chitsulo chozulira misomali, kuti chilolezo chatuluka. Ndinamupatsa thobwa n'kumubweza. TV tinadzagula zaka zingapo pambuyo pake, ndipo inakakhala pakatebulo pakona, kukhoma lina.

Koma chimene sindiiwala ndi Lamlungu lija m'mawa, achimwene akunyamuka. Nkhungu inali isanachoke m'tiyi, ndipo otchola anali akungooneka madengu okha. Ine ndinali pamakina kale, ndikulimbana ndi ulusi umene unkangoduka. Achimwene anaima pakhomo, thumba lopanda kanthu atalipinda m'khwapa, natsanzika. Mumtima ndinali ndikadali ndi kamantha koti mwana akawaona akupita adzuka n'kuwalondola, chifukwa nkhope ya kwawo inali imeneyo.

Mwanayo anasuzumira kuchokera kunsi kwa thabwa, dzanja limodzi atagwira chitenje changa. Mawu ake anali aang'ono, osasa chifukwa chokhalitsa osagwira ntchito.

"Muyende bwino, amalume. Mukawapatse moni kumudzi."