Za masumbi

Titasamukira ku Wovwe, kumene bambo a kunyumba anawatumiza kukaphunzitsa, ndinanyamula nkhuku imodzi yathadzi kuchokera kwathu ku Dedza. Ndinaitsekera m'khola kuseri kwa nyumba, chifukwa masiku amenewo a chipani ankayenda m'makomo kutolera nkhuku za mphatso, ndipo ine yanga sindinkafuna kuti aione. Ndinkaipatsa madeya a mpunga basi, poti ku Wovwe sasowa.

Mwana wanga wamkazi anali atangochira chikuku, wowonda zomvetsa chisoni. Phala ankalavula. Chimene ankalola kumeza linali dzira lophika lokha. Ndiye nthawi yomweyo thadzi uja anayamba zake: lero waikira, mawa ayi, mkuja dzira lofewa ngati chikopa, longophulika m'manja. Ndinkalira, sindinama.

M'mawa wina ndinapeza mayi woyandikana nafe akuwaza ufa woyera m'khola muja. Anali wachikulire, wa komweko, ndipo Chichewa ankachita kuchithyola. Anangomwetulira n'kunena kuti, "Vya masumbi, amama."

Masumbi? Ine mlendo, mwana wodwala, nkhuku yaleka kuikira bwino. Ndinangoti basi, dzina la mankhwala awo ndi limenelo. Atachoka ndinasesa ufa wonse n'kukataya kudzala. Iwo ankawaza, ine ndinkasesa, mlungu wathunthu. Khama lopusa ngati limenelo sindinachitenso.

Nditatopa ndinawadikira pakhola, mtima uli m'mwamba. "Amayi, tinakulakwirani chiyani ife?"

Iwo anamasula nsonga ya chitenje n'kundionetsa zigoba za nkhono zowotcha, zina zosasinja bwino.

"Ni nkhono izi, amama. Nkhuku mwaijalira ngati mkaidi, siikumba pansi, siitola kanthu, kuno kotentha so. Masumbi angakhole uli?" Anatola dzira lofewa lija m'chisa n'kuliika m'dzanja langa. "Sumbi. Ili."

Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Ndinawauza kuti ufa wawo wonse uli kudzala. Anaseka mpaka anakhala pansi, koma ataona mwana ali kumbuyo kwanga anasiya. Anamugwira kamkono n'kupita kwawo. Anabwerako ndi mazira atatu a nkhuku zawo.

Thadzi wanga anatenga milungu iwiri kuti mazira ake alimbe. Masiku onsewo mwana sanasowe dzira. Atayamba kuyenda yekha, ulendo wake woyamba unali wa kukhomo kwa mayi aja, ndipo atafika anatambasula dzanja n'kunena kuti, "Sumbi."